Keke Imene Nyerere Zinaikana

Kapelula, Kasungu
Lachiwiri

Wokondedwa mlongo wanga Chancy,

Ndayamba ndi kukupatsa moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko ku Joni? Chifuwa chija unkadandaula pa foni chinatha, kapena ukungolimbikira ntchito osapita kuchipatala monga mwa khalidwe lako? Kuno tilipo. Ana ali bwino, alamu ako ali bwino, ndipo fodya tatsala pang'ono kumaliza kusankha. Bambo ndiye ali choncho, chilonda cha ku chala chakumwendo chija sichinapolebe.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni ndimayankhula mothamanga, ndipo pakamwa panga pomwepa ndi pamene pawononga zinthu. Kalatayi ndapatsira a Alick a kutchalitchi kwathu, akukwera basi Lachinayi. Uiwerenge utakhala pansi, mpaka kumapeto.

Nkhani ndi ya mkazi wako Feliya, ndi uthenga uja ndinakutumizira mwezi watha. Tsiku lija ndinakuuza mathero okhaokha. Lero ndiyambire poyambira.

Ukudziwa kuti chiwapezereni matenda a shuga, bambo anasanduka mwana. Kuchipatala anawaletsa shuga, mandasi ndi chigumu chawo chija. Mkaka ndiye unali mdani wawo kale, ukangolowa m'mimba basi ulendo wa kuchimbudzi. Iwo anangoti ngati zili choncho bola osadya, ndipo mbale zinkabwerera mmene zapitira.

Ukukumbukanso mwambo wa malemu mayi, kuti belo loyamba likagulidwa ku okushoni ankabwera ndi keke ya ku boma, yopaka zoyera pamwamba zija amati aisingi. Tsiku lina tili m'chigafa, bambo anayankhula okhaokha kuti chimwalirireni mayi palibe amene amaikumbuka keke ija, ndipo iwo adzafa osailawanso. Ine ndinawakalipira kuti asiye kutchula imfa dzuwa likuswa mtengo. Feliya anali kumapeto kwa chigafa, atawerama pa fodya wake, ngati sanamve kanthu.

Sabata yotsatira mkazi wako anayamba maulendo. Lachiwiri ku sitolo ya a Khadija, Lachisanu ku sitolo ya a Khadija. Ukuwadziwa a Khadija, akazi awo a Usumani, sitolo yopaka utoto wobiriwira ija ya pa msika. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti Feliya sankaima pa kauntala ngati wogula aliyense. Ankalowa kuseri, n'kukhalako nthawi, kenaka n'kutuluka ndi kajumbo atakabisa m'chitenje.

Ndinamufunsa kuti akukagula chiyani. Anangoti ndi zinthu za apongozi, n'kumwetulira. Kumwetulirako sikunandisangalatse.

Masana ena ndinasuzumira pa zenera la khitchini yake. Ndinamuona akusinja timibulu toyera m'kamtondo kakang'ono, toyera mbee ngati feteleza wa yuriya, tochokera m'kapepala kapulasitiki kopanda dzina lililonse. Atasinja anasefa pa kansalu, n'kusinjanso zotsalira. Kenaka anatsegula chitini, n'kutapa zoyera zolimba za pamwamba, n'kuyamba kuzitakasa ndi foloko mpaka thukuta kamukamu. Anathiramo ufa uja pang'onopang'ono, n'kufinyiramo ndimu. Pambali pake panali keke yomwe anaiphika mumphika, makala pansi makala pamwamba.

Madzulo ake anagwada pakhomo pa bambo, n'kukankhira mbale m'kati, monga amachitira mpongozi waulemu. Bambo anadya mpaka kunyambita zala. Mawa lake anauza aliyense m'chigafa kuti ali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha wodziwa mtima wawo, ndipo sanatchule dzina langa.

Pamenepo zinandiwawa, sindikubisa. Ine amene ndimawatengera pa njinga kuchipatala, ine amene ndimawatsuka chilonda, kundiposa ndi keke?

Titapita kuchipatala tsiku lawo loyezetsa, anamwino anawabaya chala, n'kuyang'ana kamakina kaja, n'kupukusa mutu. Anati shuga wakwera kuposa mwezi watha, ndipo chilonda sichingapole zinthu zili choncho. Anatichenjeza kuti zikapitirira, chalacho chidzachoka. Ine mumtima ndinati ndagwira wakuba.

Nditafika ndinamupanikiza Feliya kuti n'chifukwa chiyani akudyetsa shuga munthu wodwala. Anayankha modekha kuti si shuga, koma zotsekemeretsa zina zimene amadya anthu a matendawa, ndipo kekeyo ndi ya nsinjiro ndi mazira, mulibe ufa wa tirigu, mulibe mkaka. Ndinamufunsa kuti chinthu choyera, chotsekemera, chosakhala shuga, chinamera m'munda mwa yani. Iye anati tipitire limodzi kwa a Khadija ndikaone ndekha. Ndinakana, poganiza kuti anapangana kale zokandiuza.

M'malo mwake ndinachita zanzeru zanga. Ndinaba kachidutswa ka keke, cha pamwamba poyera pomwepo, n'kukaika kuseri kwa nkhokwe pamene pamadutsa mzere wa nyerere. Ndinakhala pa njerwa n'kumadikira. Nyerere zinkafika, kununkhiza, n'kukhota. Dzuwa linapendeka zoyera zija zili chikhalire.

Ndinati ngati si shuga, nanga n'chiyani chimene ngakhale nyerere zikuchikana? Ndinalowa m'khitchini iye atapita kumjigo, n'kunyambita ufa uja. Unatsekemera, kenaka lilime linazizira ngati ndamwa madzi a m'mamawa mu Juni. Ndinakumbukanso kuti masiku amenewo m'mimba mwa bambo munkalira kwambiri.

Zotsalazo mutu wanga unamaliza wokha. Ndinati mtengwa uyu watopa ndi nkhalamba, akufuna munda wa kudambo ukhale wanu msanga. Ndinati maulendo a kuseri kwa sitolo aja ndi okatenga mankhwala. Chilichonse chimene ankachita chinkandionekera mwina, ngakhale kusesa. Ankakonda kusesa m'chipinda cha bambo m'mawa uliwonse iwo akatuluka, makamaka m'mbali mwa khoma, ndipo ine ndinati akufufuta zizindikiro.

Ndi tsiku limenelo ndinakutumizira mawu aja. Iwe uli kutali, unakhulupirira mchemwali wako, n'kulamula kuti ankhoswe akhale pansi.

Za pa bwalolo unangomva chidule. Feliya anabweretsa kapepala kaja, n'kudya masupuni awiri a ufawo anthu onse akuona. Ine ndinati wokonza chinthu amadziwanso chochisungunula. Amalume ake atamufunsa ngati ali ndi mawu, Feliya anandiyang'ana ine, nati:

“Alamu, ine apongozi ndimawafunira moyo. Zina sindingazinene pano.”

Ine ndinauza anthu kuti mwamva nokha, pali zina zimene akubisa. Bambo anayesa kuyankhula, koma ndinawadula kuti iwo ndi wodwala. Madzulo omwewo amalume ake anamutenga kupita naye ku Njombwa, ati akapume kaye. Feliya anasiya kamtondo, kansalu ndi chitini chimodzi pa alumali.

Ndinagona tulo tabwino masiku amenewo, poganiza kuti ndapulumutsa bambo.

Patatha masabata atatu tinabwerera kuchipatala. Keke kunalibe, Feliya kunalibe, koma shuga anali atakweranso. Anamwino anandikhazika pansi kuti nditchule chilichonse chimene bambo amaika m'kamwa kuyambira m'mawa. Ndinatchula zonse monyadira. Pomaliza ndinawonjezera kuti kupatula mankhwala a kuchipatala, ndimawapatsanso uchi weniweni wa ku Chisemphere, masupuni atatu m'mawa, atatu madzulo, kuti chilonda chipole msanga.

Anamwino anaika cholembera pansi. Anandifunsa kuti ndinayamba liti. Ndinati chakumayambiriro kwa Malichi. Ndiye anati:

“Mayi, thupi la bambo anu silisiyanitsa uchi ndi shuga wa m'paketi. Masupuni sikisi pa tsiku, mukuwapha ndinu.”

Ukudziwa mmene mayi anatilerera. Chifuwa, uchi. Kupsa ndi moto, uchi. Zilonda za m'kamwa, uchi. Kwathu uchi sunakhalepo chakudya, unali mankhwala, ndipo botolo lake linkakhala pamodzi ndi mapilisi. Pamene anamwino ankati asiye shuga, ine ndinkaona paketi ya ku sitolo basi. Ndinkawapatsa mwakachetechete m'chipinda mwawo kuti ana asaone n'kuyamba kupempha, ndipo bambo, pokonda zotsekemera, sanauze munthu.

Titafika kunyumba ndinalowa m'chipinda cha bambo. M'mbali mwa khoma munali mzere wa nyerere, wakuda bii, kuchokera pa zenera mpaka pa shelefu pamene pali botolo langa. Chichokereni Feliya palibe anasesapo. Ndi zimene ankasesa m'mawa uliwonse.

Nditaima pamenepo ndinakumbuka tsiku lina tikuchapa kumjigo. Feliya anayamba mwamanyazi kuti alamu, a Khadija akuti uchi nawonso ndi woopsa kwa odwala shuga. Sindinamulole kumaliza. Ndinamuuza kuti asandiphunzitse kusamala bambo anga ondibereka, iye wobwera dzulo. Anapepesa, ndipo sanabwerezenso.

Dzana ndinadzikoka kupita kwa a Khadija. Anandisiya chiimire pa kauntala mpaka ogula onse atatha, ndipo sindikuwadandaula. Kenaka ananditengera kuseri kuja ndinkakukayikira. Kuli firiji basi, mpando umodzi ndi matumba a katundu.

Anandiuza kuti a Usumani akhala ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zala zawo zonse zilipo. Anandionetsa thumba lalikulu la timibulu tija, lolembedwa bwinobwino, limene amakagula ku Lilongwe n'kumagawira anzawo m'timapepala. Anati thupi silititenga ngati shuga, kuzizira pa lilime ndi chibadwa chake, ndipo ukadya tambiri m'mimba mumalira. Za nyerere anaseka, ati nawonso kunyumba kwawo sizibwera.

Chitini chija ndi mkaka wa kokonati, wosachokera ku ng'ombe. Umayenera kugona m'firiji kuti mafuta ake akwere pamwamba n'kulimba, apo ayi aisingi sagwira. Feliya ankagula chitini Lachiwiri n'kuchisiya mmenemo, Lachisanu n'kukachitenga. Maulendo onse aja anali amenewo.

Ndinawafunsa ngati Feliya anawauza za uchi. Anati Feliya analira pa mpando womwe ndinakhalirawo. Apongozi aamuna sakanatha kuwalangiza pa za m'kamwa mwawo, ine ndinali nditamutseka pakamwa, ndipo kukuuza iwe kukanakhala ngati akudanitsa munthu ndi mlongo wake. Pa bwalo paja akanangotchula uchi, mlandu ukanatembenukira kwa ine pamaso pa mudzi wonse.

Ndikuuze zoona, ngakhale pano kamtima kena kamandinong'oneza kuti mwina anakhala chete dala, kuti ndidzagwe ndekha. Ukuona mmene ndilili? Munthu wandisungira ulemu, ine ndikumufufuzabe.

Uchi ndinachotsa. Koma bambo abwerera ku khalidwe lawo lokana chakudya, ndipo mapilisi aja safuna m'mimba mopanda kanthu. Dzulo ndinayesa kupanga keke ija ndekha, a Khadija atandilembera zonse pa pepala. Ndinasinja mothamanga, osasefa, ndipo chitini chinatenthedwa m'njira. Aisingi wanga anatuluka wamadzimadzi, wolumika ngati mchenga, n'kutsetserekera m'mbale monse.

Bambo analawa kamodzi n'kukankha mbale. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoyang'ana pakhomo paja ankagwada Feliya, n'kufunsa kuti:

“Kodi mayi aja munawathamangitsa chifukwa cha ine, abwera liti?”

Ndinangotola mbale ija n'kutuluka, Chancy.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndinatuma mawu ku Njombwa, ndipo amalume ake ayankha kuti mwana wawo sanachoke ndi mawu a mlamu, anachoka ndi mawu a mwamuna wake, choncho sangabwerere ndi mawu a mlamu. Akunena zoona. Ndamvanso kuti mwezi uno ukatha akupita ku Lilongwe, kumene msuweni wake wamupezera ntchito yophika. Akakwera basi imeneyo, sindikhulupirira kuti tidzamuonanso pakhomo pano.

Kalatayi ikufika Loweruka. Imba foni tsiku lomwelo, kwa amalume ake poyamba, kenaka kwa iye. Usadziteteze, ndipo usanditeteze. Uwauze kuti unamvera mchemwali wako, ndipo mchemwali wakoyo ananama. Ukafuna kundikalipira udzandikalipire pambuyo pake, ndidzamvetsera osakudula.

Ine Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndidzaima pamalo pomwe panakhala ankhoswe paja, ndi botolo la uchi m'manja, n'kuuza anthu chimene chinkakweza shuga wa bambo. Lolemba ndikupita ku Njombwa. Sindikudziwa ngati akandilole kulowa m'nyumba. Ndikagwada panja pomwepo.

Kamtondo kake ndakatsuka, koma sindikatenga pa ulendowu. Kakhale pa alumali pomwe anakasiya, kuti mwini wake adzakapeze.

Undiperekere moni kwa a Ennie ndi ana awo, ndi onse a kwathu amene umakumana nawo kumeneko. Alamu ako akupereka moni. Bambo ndawauza kuti ndikukulembera, ndipo ati ndikuuze kuti belo loyamba likupita ku okushoni sabata ya mawa, ndipo akudikira.

Mulungu akusunge, akupatse mawu abwino kuposa amene ine ndinakupatsa.

Ndine mchemwali wako wochita manyazi,
Ezelina