Silinda Yatsopano ndi Manja Anga

Saskatoon, 9 Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Atate. Kodi bondo lija likukulolani kupita kukhola m'mawa? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino.

Ntchito yanga ku labu ndi yomwe ija. Ndimadula nthenga za mbalame, kuziyeza pa sikelo, n'kuzikulunga m'timakapu ta siliva tochepa ngati njere ya mpunga. Makina amaziwotcha, ndipo abwana anga, Dokotala Thibault, amadziwa kumene mbalameyo inachokera. Koma makinawo sawerenga kanthu popanda kuyerekeza ndi mpweya wa m'silinda, wapoizoni uja, kaboni monokisaidi.

Silinda yathu inatsala pang'ono kutha. Miyezi itatu abwana anali pa foni kufunafuna yatsopano, makampani akungokana. Ena ati sagulitsa yaing'ono, ena ati sangadutse nayo malire. Kenako inapezeka kutali kum'mawa.

Ataiika, manambala onse anapotoka. Garrett, wophunzira wina wokonda kunyoza, ananena pagulu kuti vuto ndi manja anga. Ati wokama ng'ombe ngati ine sangayeze nthenga, bola azindipatsa tchizi kuti ndiziyeza. Anthu anaseka. Abwana anati mwina andichotse pa sikelo, ndizingotsuka mabotolo.

Amayi, mukudziwa kuti ine ndimachita manyazi ngakhale popereka moni kutchalitchi. Koma ndinaimirira n'kunena kuti nthengazo ndinaziyeza monga ndachitira zaka ziwiri, chomwe chasintha ndi silinda. Ndinapempha kuti abwezeretse yakale, poti munali mutatsala mpweya pang'ono, ayezenso zidutswa zina za nthenga zomwezo. Garrett anati ndikuwatayitsa tsiku lonse. Ndinamuyankha kuti alitaye basi, masiku amene wataya ndi pakamwa pakepo ndi ambiri kale.

Atabwezeretsa yakaleyo, manambala anabwerera mwakale. Mpweya watsopanowo ndi wabwino, kungoti unapangidwa kwina, ndipo pothamangira kuuika sanauyerekeze ndi wakale. Sikelo ndidakali nayo. Garrett sanapepese, ine sindikudikiranso.

Tsopano pempho langa. Mng'ono wanga Trienke wandilembera kuti Atate akufuna kutuma achimwene a Isbrand ndi galimoto kudzanditenga, ati ndikupuma poizoni pakati pa anthu achilendo. Silindayo imakhala m'kabati yotulutsira mpweya panja, ndipo pakhoma pali belu lochenjeza. Chonde lankhulani ndi Atate ulendowo uthe. Achimwene akabwerabe ndidzawaphikira, ndidzawayalira pogona, koma galimotoyo idzabwerera kwathu ku Chihuahua ndi munthu mmodzi.

Mundiperekere moni kwa Atate, kwa azakhali a Sush, ndi kwa ana a achemwali onse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Aganetha