Rezini ya ku nyanja ndi manja a ba Mutinta

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, koma mtima uli m'malo.

Lero tasankha rezini, timikanda tija tochotsa laimu m'madzi. Madzi a m'chitsime cha pa loji pathu amakana sopo, ndipo mapaipi ndatopa nawo kuwagogoda.

Ba Mubita, manejala wathu, anakakamira rezini ya madzi a m'nyanja yamchere imene anaiona pa foni. "Iyi ndiye ni yamphamvu," anatero.

Ndinati, "Ba manejala, nyanja yamchere ili kuti muno mu Livingstone?" Sanaseke.

Ogulitsa anatipatsa pang'ono ya mitundu yonse iwiri, ya ba Mubita ndi ya wamba imene ine ndimafuna. Ndinasefa madzi m'mabotolo awiri, lililonse ndi rezini yake, n'kuitana ba Mutinta ochapa zovala kuti adonthezemo sopo ndi kukhutchumula. Thovu linakwera chimodzimodzi. Ba Mubita anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Tenga yako ya wamba." Ndinaluma mlomo kuti ndisamwetulire.

Ba Mutinta anaviika zala m'thovu lija, zala zong'aluka ngati dothi la chilimwe. "Mwachedwa, mwana wanga," anatero.

Mpaka ndafika kunyumba kuno ku Dambwa ndikuganizabe. Zaka zonsezi ine ndimadandaula za mapaipi basi, manja awo sindinawaone...