Adada adzuka okha

A Winston,

Musadabwe kupeza chitseko chotseka, adada anu ayenda. Adokotala anabwera kudzawayeza mphamvu za miyendo. Anati adzuke pampando kasanu, ine nditawagwira m'chiuno kuti angagwe. Adada anangoti, "Mkamwana andigwire m'chiuno? Yayi." Anadzuka okha kasanu konse, n'kuyenda mpaka kumpanda. Miyezi inayi yonseyi timangowanyengerera pachabe kuti ayese kuyenda!

Pano akuti akawaonetse anzawo ku Masasa kuti akuyenda. Ndikuwatsatira chapatali, ndodo yawo ili m'manja mwanga.

Pepani, nyemba zapserera. Mugule usipa, koma musaiwale khadi la chipani popita kumsika. Kenako mutilondole ndi njinga. Manyazi awafikitsa ku Masasa, koma ndikukayika ngati awabweretsenso.

Yewo chomene,
Marjorie