Kuno akufa akudya mpunga

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ine kuno ndadzuka ndi mkwiyo.

Ndikulemba ndili ku Laos, dziko lomwe ngakhale ku yunivesite sitinalitchulepo. Akuntchito ananditumiza kudzaphunzira ulimi wa mpunga, ine mwana wa kwa Mlonyeni amene mpunga ndinkauona pa Khirisimasi pokha. Katauni kake nkochepa kuposa pa Boma. Pamsika palibe woitanira malonda, zii ngati pasiwa. Anthu amangomwetulira, ndipo inu munkati womwetulira tsiku lonse ali ndi chomwe wakhalira. Ndiwo zawo ndi nsomba zoolera dala mumtsuko. Pakhomo lililonse amandivula nsapato ngati ndagwidwa ndikuba.

Dzana mayi wa nyumba yomwe ndikugona anakulunga timipunga m'masamba a nthochi nkukatiika pansi pa mitengo ya kukachisi kwawo. Akuti nchakudya cha akufa. Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Ndisanamalize kuseka, mlongo wanga Esinati anaimba foni. Zabwino ndi izi: mwana wanuyo wabereka mtsikana, tamutcha dzina lanu, ndipo akulira mokalipa ngati mwini dzina. Mtedza unachita bwino. Chimanga anankafumbwe agawana nafe.

Zoipa ndi mchimwene wanu, amalume a Fanuel. Alowa kumanda ndi nkhwangwa, adula mitengo yomangira chigafa cha fodya. Esinati atawafunsa, anayankha kuti akufa samva dzuwa. Awa ndi aja analira kuposa tonse pamaliro anu, mpaka kuwagwira anthu awiri. Mtengo wotsala ndi mbawa uja wa kumutu kwanu, umene munkati mukadzagona pansi pake palibe adzakudzutseni kukapalira. Akuti ocheka matabwa abwera sabata yamawa.

Ndiye onani, Amayi. Kuno anthu amene ndikuwanyozawa akudyetsa akufa awo, kwathu Akhristu a makolona m'khosi akulanda akufa mthunzi. Zikundiwawa kuti odya nsomba zoola atipose.

Maphunzirowa ndiwasiyira panjira, mpunga adzalima ena. Ndikatsika minibasi pa Boma sindilowera kunyumba, ndibwera kwa inu, ndidzakhale motsamira mbawawo. Amalume akafuna matabwa ayambe kucheka ine.

Ndikubweretseraninso kampunga m'tsamba la nthochi. Musawauze ansembe.

Ndine wanu wokukondani, wamwano uja,
Gerevazio