Dzuwa la Amalume Goliati

Njuli,
Chiradzulu.
9 Ogasiti 2024.

Okondedwa achimwene Calvin,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino ku Joniko. Ife kuno tiliko, nandolo wayamba kuuma, fumbi ndi lomwe lija munalisiya. Foni yanu siikupezeka, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi a Abdulkarim oyendetsa thiraki. Akakuuzani kuti ndanenepa musawamvere, amatero kwa mkazi aliyense.

Nkhani yaikulu ndi yoti ndapeza banja. Dzina lake ndi Mavuto, wa ku Mbulumbuzi, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Dzinalo musaseke. Munthuyo ndi wofatsa, mowa samwa, ndipo ndimamukonda, ndanena ndanena. Koma ukwati wangawu unatsala pang'ono kuphedwa ndi kompyuta yanu ija munaisiya m'shopu ya magemu.

Mukudziwa kuti chimwalirireni amayi ndimakhala ndi amalume Goliati, awiriwiri poti akazi awo anatisiya kale, ndipo nkhoswe yanga ndi iwowo. Chimene simukudziwa n'choti masiku ano amalume ndi munthu wa gemu. Poyamba ankabwera kushopu kudzathamangitsa ana ojomba kusukulu. Tsiku lina anakhala pampando kuti aone chimene chikupusitsa anawo, ndipo mpaka lero sanadzukepo. Amakonda gemu ija ya munthu wa lupanga wokwera hatchi, koma iwo nkhondo samenya ayi. Amangokwera hatchiyo n'kumayendera minda ya eni ake, uku akudandaula kuti nthaka yabwino chonchi anthu osadzalamo nandolo.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chithunzi. Gemuyo ili ndi maseting'i awiri osamvana ngati akazi apamitala. Mukayatsa a kuwala, dzuwa limatuluka ngati lenileni, madzi kunyezimira, koma m'mphepete mwa chilichonse mumakhala manomano ngati a sowo, kaya ndi miyendo ya hatchi, kaya denga la nyumba. Mukayatsa osalaza m'mphepetemo, hatchi imaoneka bwinobwino koma dzuwa limafa, dziko lonse kuchita ngati kwagwa chiperoni. Mukadina ena, enawo amazima okha.

Ndiye a kwawo kwa Mavuto anabwera kudzafunsira mbeta. Anati akufuna chitengwa, ndikakhale ku Mbulumbuzi, poti amayi ake a Mavuto ndi odwaladwala. Amalume anayamba akhosomola kaye.

"Kwathu kuno mkamwini timamuyesa," anatero. "Ine pokwatira anandipatsa munda wa miyala yokhayokha. Uyu sindimupatsa khasu. Andikonzere gemu yanga, dzuwa liwale, hatchi isalale, zonse nthawi imodzi. Akatha zimenezo mkazi atenge."

A Benedicto, ankhoswe a Mavuto, anaseka poyesa nthabwala. Amalume sanaseke nawo.

Achimwene, munthu ndinamumvera chisoni. Mavuto kompyuta ankangoionera pawindo. Tsiku loyamba anayatsa zosalaza, n'kulowetsa njinga yake m'shopu kuti nyali yake iwalitse sikirini.

"Limeneli ndiye dzuwa, akamwini?" amalume anafunsa. "Dzuwa lonunkha petulo?"

Tsiku lina anayatsa kuwala, n'kupaka sikirini mafuta odzola kuti mano aja asaoneke. Manowo anasowadi, pamodzi ndi hatchi ndi minda yomwe, ndipo wopukuta ndinali ine.

Kenako anamanga kompyuta yonse pakaliyala ngati mbuzi, ulendo wa ku Limbe. Kumeneko mayi wina wokonza makompyuta, a Hannah, anamuuza kuti gemuyo payokha siingathe, koma khadi la zithunzi limene lili m'kati mwa kompyuta lili ndi maseting'i akeake. M'gemu muyatse kuwala, zosalaza muzimitse. Mukatero mutuluke, mutsegule maseting'i a khadilo, musankhe dzina la gemu, n'kulilamula khadilo kuti lizisalaza lokha, lisamvere zonena za gemu. Mavuto anaziloweza ngati katekisimu, njira yonse akubwereza mokweza mpaka anthu kumamupatukira.

Atafika kushopu anachita zomwezo, ndipo zinathekadi! Dzuwa linatuluka, hatchi ili see ngati yosambitsidwa. Ana m'shopu anaomba m'manja, ine nthungululu. Amalume anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kungoti, "Tione ngati zifike mawa."

Kutacha, mano aja anali atabwerera. Mavuto anakonzanso, kutacha manonso. Zinapitirira choncho mpaka munthu anayamba kuonda, makasitomala ake n'kumakwera njinga za anzake. Ena anayamba kunena kuti khadilo lili ndi ziwanda. A Benedicto anatumiza uthenga woti ngati mwana wawo sitikumufuna tingonena, osati kumamuseweretsa, ndipo anthu akamaliza kukolola nandolo iwo nkhaniyi aitaya. Ine ndinalira, ndipo ndinakunenani inu ndi kompyuta yanuyo mawu oipa. Mundikhululukire.

Tsiku lina ndinalawirira kushopu kuti ndikasese, ndipo ndinapeza chitseko chili chotsegula. Amalume ali pampando, magalasi pamphuno, lilime panja, akukankha mausi ndi manja awiri. Ndinawaona ndi maso angawa akudina batani lobwezera zonse mmene zinalili poyamba.

"Amalume!"

Anadzidzimuka, mausi n'kugwa pansi. "Iwe, umalowa ngati mfiti bwanji? Ndimapukuta fumbitu ine."

"Fumbi lake la m'kati mwa maseting'i? Anakuphunzitsani ndani zimenezi?"

"Ndimaonera akamwiniwo akamakonza. Ukundiyesa wopusa eti?"

Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo ndinalankhula zimene mwana sayenera kulankhula kwa amalume ake. Iwo anatembenukira kwa hatchi yawo ya manomano. Kenako anati, "Mayi ako anapita. Calvin anapita, ngakhale foni osaimba. Iwenso ukuti Mbulumbuzi. Ndiye m'nyumba muja ndizicheza ndi ndani? Makoswe?"

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndinangomva chisoni. Ndinawauza kuti ku Mbulumbuzi si ku Joni, panjinga ya Mavuto ndi pafupi, ndipo shopu ndizibwerabe kudzatsegula. Anati zimenezo akudziwa, masana alibe nawo vuto, koma madzulo munthu kudya wekha chakudya sichitsika.

Mavuto sindinamuuze kanthu. Atabwera anakonzanso ndi nkhope yotopa, ndipo kutacha dzuwa linalipo, hatchi ili yosalala. Amalume anavala jekete lawo la kutchalitchi, namugwira Mavuto dzanja pamaso pa a Benedicto.

"Mwamuna uyu ndi wopirira," anatero. "Wina akanathawa kalekale. Mayeso akewo anali amenewo."

Taonani bodza la munthu wamkulu! Ine ndinangoyang'ana pansi kuopa kuseka. Mpaka pano Mavuto akuyenda chifuwa patsogolo, akuuza anzake pasiteji kuti iye ndi injiniya, ndipo ine sindimutsutsa.

Chinkhoswe chili kumapeto kwa Seputembala. Sindikupempha diresi kapena mapoto, a ku Limbe omwewa akwana. Ndikupempha kuti mubwere, ndipo musabwere ngati mlendo wongodzadya mpunga n'kuthamangira basi. Ngati zivute, gulani foni yogwira ntchito, muziimba madzulo.

Moni kwa alamu anga ngati alipo, poti inu simunena. Mavuto akupereka moni mwaulemu wonse. Amalume ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Ati ndikuuzeni kuti chithunzi chili bwino tsopano, koma ndisakuuzeni kuti chipinda chanu achikonza denga ndipo akumachisesa okha m'mawa uliwonse. Choncho ine sindinakuuzeni.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Doreen.