Zitenje za amake Juliet

Kabwe

Okondedwa alongo anga a Zelipa,

Moni nonse ku Madzimoyo. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tadzuka, ine ndi ana.

Tsiku lomaliza limene mlamu wanu Mainess anali bwino, tinakhala pakhonde tikuswa nshawa. Ankandiseka kuti ndikudya zambiri kuposa zimene ndikuponya m'lichero. Kenaka tinakanganako pang'ono za denga lodontha. Basi. Mawa lake mutu unayamba, ndipo zotsalazo mukuzidziwa.

Katundu wake ndinamusiya m'sutukesi osamukhudza. Wogawa katundu wa mkazi ndi akwawo, koma wakwawo sitinkamudziwa ndi mmodzi yemwe. Amayi ake anamwalira iye akuyamwa, ndipo analeredwa ndi banja la aphunzitsi ku Tamanda. Chaka chino mwana wathu Juliet atabereka mwana wamkazi, anandifunsa kuti khandali adzaliuza kuti kwawo ndi kuti. 

Ndinayamba kufunsa aliyense wa kummawa amene ndinkakumana naye kutchalitchi ndi pamaliro. Ambiri ankangopukusa mutu. Mapeto ake amayi a Chigwirizano ananditengera kwa a Rabecca, mayi wokalamba wa ku Chipangali amene akudwalira kwa mwana wawo kuno. Nditatchula dzina la apongozi anga, anagwira pakamwa. Anati anakulira nawo nyumba imodzi, ndipo anamva kuti khanda limene apongoziwo anasiya, Mainess, linatsatira amake kumanda.

Alongo, tamverani zimene anandiuza. Gogo wawo, a Ketilina, anafika ku Chipangali wapansi m'chaka cha njala, atanyamula ana awiri aakazi m'chitenje chimodzi. Wina anali wawo, winayo anamutola panjira pambali pa mayi wakufa. Moyo wawo wonse anthu ankawafunsa kuti wawo ndi uti. Sanaulule, ngakhale ali pamphasa yomaliza. Mmodzi mwa anawo ndiye anabala a Rabecca, winayo anabala apongozi anga. Ndinafunsa ngati kusadziwako sikuwavuta. Anandikalipira, anati funso limenelo kwawo safunsa.

Anatinso kuyambira pamenepo, mkazi wa kwawo akamwalira zitenje zake savala akuluakulu. Amaberekera makanda.

Pempho langa ndi limodzi. Mukakolola, Juliet akufuna kupita ku Chipangali kukaonetsa mwana ndi kukaona manda a a Ketilina. Mumuperekeze, asakafike yekha ngati mlendo. Ine mtima sunalimbe kuti ndiyende ulendo umenewo.

Sabata yatha ndinatsegula sutukesi ija a Rabecca ali pomwepo. Madiresi ndi nsapato anagawa iwo. Zitenje anati ndipereke ndi manja anga. Chimodzi ndinapatsa Juliet, zotsalazo ndinakapereka kwa amayi a makanda a mumpingo, ena mwa iwo sindiwadziwa ndi maina omwe. Lamulungu ndinakhala benchi yakumbuyo, ndipo kutsogolo kwanga kunali nsalu za Mainess pamisana ya anthu, timitu tikusuzumira. Nyimbo sindinathe kuyimba.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi adzukulu onse. Juliet akupereka moni kwa azakhali ake.

Tsalani mu mtendere.

Ine mlongo wanu,
Boaz