Chofunda cha Mapesi cha a Genzo

6 Ogasiti 2000
Kutentha. Bondo likuwawa. Ndinalowa m'shedi kukasesa, poti mwambo wa Obon wayandikira, akufa abwera kudzacheza kwawo. Pamsomali palibe kanthu. Chofunda cha mvula cha malemu amuna anga, a Genzo, chachoka. Analuka okha ndi mapesi a mpunga, m'khosi n'kusokeramo kansalu kofiira ka pa kimono yanga ya ukwati.

Mwana wanga Katsumi pa foni: "Amayi, ndinakapereka kunyumba yosungira zakale. Mumafuna chidyedwe ndi makoswe?" Osandifunsa n'komwe.

Obon yoyamba chimwalirire iwo. Nanga akafika osachipeza?

9 Ogasiti
Basi ya m'mawa. Njira yonse mantha kuti ndipitirira potsikira.

M'nyumba yosungira zakale ija kuzizira. Mapale a anthu akalekale, mitu ya mivi, tizidole tadothi ta maso otupa. Chipinda chomaliza makasu, zikwakwa, kenako icho. M'galasi. Achipachika chotembenuza, mfundo zili kunja, kansalu kanga kabisika. Pakapepala alemba kuti wopanga sakudziwika. Ndinawerenga katatu, poti ine kuwerenga ndimachedwa. Zaka makumi asanu ndikuwaphikira, lero sakudziwika.

Ndinawerama pakhomo n'kutuluka. 

11 Ogasiti
Ndinapitanso. Mpunga wam'mawa sunalowe.

Mayi Kanemori, osamalira zinthuzo, anandipeza nditaima. "Agogo, ola lathunthu pamodzimodzi, mukufuna kutibera?" Akuseka. Ndinati mwana wanga, mutavala chonchi mvula ingakulowereni mpaka kumsana. Kuseka kunatha. Anawerama, kuweramanso. Anatsegula galasi, anandiveka magolovesi oyera, ndinachitembenuza ndekha. Dzina la a Genzo akuti alemba. Koma kubweza ayi, Katsumi anadinda kale chidindo chake papepala.

Atayang'ana kumbali ndinanunkhiza m'khosi. Mankhwala a njenjete basi. Thukuta lawo, fodya wawo, zonse zinapita.

13 Ogasiti
Katsumi sabwera, akuti ntchito. Madzulo ndayatsa ndekha kamoto kolandirira a Genzo pachipata. Mphepo inakazimitsa kawiri, ine n'kukayatsanso.

Ndawauza zonse. Bambo, kushedi musavutike kupitako. Musakwiye. Mukwere basi ya naini koloko, mutsike pamlatho, chipinda chomaliza kumanzere. Musakhudze galasi, amaletsa.

Ndiye ndayang'ana kalendala. Mawa Lolemba, amatseka.

Ndathira tiyi m'makapu awiri. Mawa mulibe kopita, bambo. Mukhale kaye ndi ine.